Kaliwu Kamene Kamati “Basi, Dzuka”

Anzanga, khalani pansi kaye, ndili ndi nkhani ndipo yandikanika kusunga. Kuno ku South Africa kuli malo kumene anthu amapita kukakhala chete masiku khumi, osayankhula, osagwira foni, osawerenga buku, osalemba ngakhale kachilembo kamodzi, n'kumangotchera khutu ku mpweya wawo ndi thupi lawo kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Ndipo salipira kanthu! Chakudya, pogona, maphunziro, zonse zaulere. Ine ndinapitako, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimene ndinaona m'mutu mwangamu ndimangogwira pakamwa.

Malowo ndi Dhamma Pataka, m'munsi mwa mapiri pafupi ndi tawuni ya Worcester ku Western Cape. Kuchokera ku Cape Town, kumene ndimagwira ntchito, umatsata msewu wa N1, kulowa pansi pa phiri pa Huguenot Tunnel, n'kutulukira m'chigwa chodzaza minda ya mphesa. Kumeneko amaphunzitsa njira yosinkhasinkha yotchedwa Vipassana, yochokera ku chiphunzitso cha Buddha, amene anakhala kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo.

Mnzanga wa kuntchito atandiuza koyamba ndinamuseka. Zokayika ndinali nazo zambirimbiri, ndipo ndizitchule zonse chifukwa ndikudziwa kuti nanunso zayamba kale kukubwererani. Ndinati izi n'zogwadira mafano, ine mwana wokulira mu Sande sukulu ndikatani kumeneko? Ndinati chaulere kulibe padziko pano, mapeto ake adzandiuza kuti ndilipire, kapena adzandikokera m'kagulu kachinsinsi. Ndinatinso izi n'za anthu olemera amene renti siiwadetsa nkhawa, amene alibe abale kumudzi odikira kandalama ka feteleza. Ndipo chimene ndinkachikhulupirira kuposa zonse n'chakuti kukhala pansi uli chitsinzinire si ntchito, ndi ulesi basi. Ulesi! Abale inu, chibadwire sindinagwirepo ntchito yolemetsa ngati imeneyo.

Za mafano ndiyambe nazo, chifukwa n'zimene zinkandigwira mtima. Mu holo yosinkhasinkhira mulibe fano, mulibe chithunzi, mulibe lubani, mulibe guwa. Muli makhushoni pansi, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo, kutsogolo aphunzitsi atakhala phee. Koma ndisakubiseni, madzulo oyamba mumabwereza mawu m'chiyankhulo chakale cha Pali, odzipereka ku chiphunzitsocho pa masiku amenewo ndi kulonjeza zinthu zisanu: kusapha chamoyo, kusaba, kusagonana, kusanama ndi kusamwa zoledzeretsa. Amapemphanso kuti mapemphero ako, korona, nyimbo ndi miyambo ina uziike kaye pambali mpaka maphunziro atha, kuti njirayi uiyese payokha osaisakaniza ndi china. Izi zinandiwawa, ndipo aliyense wa inu ayenera kuziyeza yekha mumtima mwake asanapite. Koma palibe amene anandiuza kuti ndisiye mpingo wanga, palibe amene anandifunsa kuti ndikhale m'Buddha, ndipo nditabwerako ndinakapemphera kutchalitchi kwathu monga mwa nthawi zonse.

Amene anafalitsa maphunzirowa ndi S. N. Goenka, wa makolo a ku India koma wobadwira ku Mandalay m'dziko la Burma, limene lero likutchedwa Myanmar, m'chaka cha 1924. Anali munthu wabizinesi wopeza bwino, koma mutu waching'alang'ala unamuzunza mpaka madokotala ankamubaya morphine. Anapita kwa Sayagyi U Ba Khin, amene anakhalapo mkulu wowerengera chuma cha boma la Burma, bambo wa pabanja wogwira ntchito ya muofesi, ndipo U Ba Khin poyamba anamukaniza, ati ngati ukungofuna kuchiritsa mutu, njirayi si ya zimenezo. Goenka anavomera kuphunzira pa cholinga chake chenicheni, choyeretsa maganizo, ndipo anakhala pansi pa mphunzitsi wakeyo zaka 14. Zaka 14, anzanga, asanayambe kuphunzitsa! Mu 1969 ndi pamene anapita ku India kukayamba, mu 1976 anatsegula malo otchedwa Dhamma Giri ku Igatpuri, ndipo pamene ankamwalira mu 2013 maphunzirowa anali atafika kumayiko ambirimbiri. Lero ku Worcester umamva mawu ake pa makina ndi kumuona pa kanema madzulo aliwonse, ndipo mafunso ako amayankha ndi aphunzitsi amene ali pomwepo.

Belu limalira 4 koloko m'mawa. Pofika 4:30 wayamba kale. Kadzutsa 6:30, nkhomaliro 11 koloko, yopanda nyama, ndipo 5 koloko madzulo tiyi ndi zipatso, basi, za mgonero iwalani. Maola osinkhasinkha patsiku amakwana ngati khumi. Masiku atatu oyambirira ntchito yake ndi imodzi yokha, yotchedwa Anapana: umve mpweya ukulowa ndi kutuluka m'mphuno, monga mmene ukubwerera wokha, osauwerenga, osautchulira mawu alionse, osaukakamiza. Nditamva ndinati aa, ndi zimenezi? Ngakhale mwana akhoza.

Mayo ine! Mpweya umodzi, wachiwiri, wachitatu, ndipo ndili kale ku Ndirande ndikukangana ndi msuweni wanga za nkhani imene inatha kalekale. Ndabwerera. Mpweya umodzi, wachiwiri, ndikuwerengetsera ndalama za kumapeto kwa mwezi. Ndabwerera. Kanyimbo ka malonda a pa wailesi kamene ndinakamva ndili mwana, kabwera konse, mawu ake onse osasowapo limodzi! Ndinkadziyesa mwini wa maganizo anga, koma mphindi imodzi yokha anandikanira. Mumawadziwa anyamata oyitanira minibasi pa Wenela, aliyense akukukoka mkono, uyu akuti yatsala malo amodzi, uyo wakulanda kale chikwama, iwe usanaganize n'komwe wapezeka uli m'kati, ikupita kumene sunafune? M'mutu mwanga munali chimodzimodzi, ganizo lililonse likuyitanira, ine n'kumangokwera.

Tsiku lachiwiri ndi pamene ndinakamva bwinobwino kaliwu ka m'mutu kamene kamati basi, dzuka. Sikakuwa ayi, kamayankhula mwaulemu, ndipo kamayankhula ndi mawu ako omwe. Kamati, waona mmene zilili, wamvetsa, zotsalazo ukachitira kunyumba. Kamati, nanga kumudzi kukagwa zovuta foni ili yotsekeredwa? Kamati, msana uwu suli bwino, munthu wanzeru amamvera thupi lake. Ndinayamba kuganizira za mmene ndingapemphere chikwama changa. Ndiye madzulo omwewo pa kanema Goenka akuyankhula, akumwetulira, n'kuyamba kufotokoza maganizo a munthu wofuna kuthawa pa tsiku lachiwiri, ndendende zimene ndinkaganiza, ndipo holo yonse inaphulika kuseka. Holo yonse! Eee, kani tonsefe? Anthu amene ndinkawaona atakhala ndii, ine n'kumati awa ndiye akatswiri, onsewo kaliwu komweko kanali kakuwanong'oneza. Chimene ndinkachiyesa nzeru zanga zapadera chinali chinthu chodziwika, chakale, chokhala ndi nthawi yake yofikira.

Ndipo a Buddha anachiwerenga kale. Amati adani a wosinkhasinkha ndi asanu: kulakalaka, kuipidwa, tulo ndi ulesi, kusakhazikika, ndiponso kukayika. Ndinadabwa kuona kuti onse asanu ndinali nditakumana nawo nkhomaliro isanakwane. Tulo take si tamasewera, timakugwira 9 koloko m'mawa utagona bwino usiku wonse, mutu n'kumangoti gwa, gwa. Akuti ukatero pumako mwamphamvu pang'ono kangapo, kapena imirira, kasambe kumaso, ubwerere. Bwerera basi, osadzikalipira, osadziimba mlandu. Ukathawa kambirimbiri, ubwerere kambirimbiri.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachitatu anatiuza kuti tichepetse malo, tiyang'ane kadera kakang'ono ka pansi pa mphuno pamwamba pa mlomo, timve chilichonse chimene chikuchitika pamenepo. Poyamba panalibe kanthu, khungu basi. Kenako, ii, kampweya kolowa n'kozizira, kotuluka n'kofunda! Moyo wanga wonse ndakhala ndikupuma koma sindinkadziwa. Kenako kunyerenyesa, kenako kugunda kwapansipansi, kenako kuyabwa kumene kunabwera, kukula, kukula, ine manja ali pamwendo osakanda, ndipo kunazilala kokha. Kokha, abale! Kuyabwa kumatha wosakukanda! Mukhoza kuseka, koma ine pamenepo mtima unagunda, chifukwa ndinali ndisanalolepo kuyabwa kulikonse kufika pamapeto pake.

Tsiku lachinayi masana ndi pamene amaphunzitsa Vipassana yeniyeniyo. Umayendetsa chidwi chako kuchokera paliwombo kutsika pang'onopang'ono, nkhope, khosi, mapewa, manja, chifuwa, msana, miyendo mpaka kuzala za kuphazi, n'kumva chimene chilipo, kaya kutentha, kaya dzanzi, kaya kulemera, kaya thukuta, osachikonda, osachida, ukudziwa kuti chabwera ndipo chipita. Kuyambira pamenepo, katatu patsiku pamakhala ola lotsimikiza mtima, lotchedwa adhitthana: ola lathunthu osatsegula maso, osasuntha manja, osatambasula miyendo. Sakukakamiza kudzivulaza, amene ali ndi vuto la msana kapena maondo amapatsidwa mpando kapena chotsamira, ndipo ukalephera umasuntha n'kuyesanso ola lotsatira. Koma umayesa.

Pano ndiye ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa ndi pamene pali nkhani yonse. Ola lina lotere, bondo langa lakumanja linayamba kuyaka. Kuyaka kwenikweni, moto. Kaliwu kaja kanafika msangamsanga: bondo likuwonongeka ili, udzalumala, adzadyetsa ana ndani, tambasula pang'ono pokha palibe akuona. Ndinati dikira kaye, ndione. Ndinalowetsa chidwi m'bondomo monga anatiphunzitsira, ndipo taonani, ululu uja sunali chinthu chimodzi! Pakati panali kutentha, m'mbali munali kukoka, pansi pake kugunda, ndipo pakati pa kugunda kumodzi ndi kwina panali kampata kopanda ululu n'komwe. Malire ake ankasuntha, pena akula, pena achepa. Chimene ndinkachitcha kuti ululu chinali tinthu tambirimbiri tikubadwa ndi kufa mofulumira. Ndiye chodabwitsa choposa chinabwera. Ndinazindikira kuti kaliwu kaja nakonso kali ndi thupi. Kakamayankhula, chifuwa chimathina, mpweya umafupika, nsagwada zimalumana, m'mimba mumatentha. Ndinaziyang'ana zimenezo monga ndinayang'anira kuyabwa kwa pamphuno paja, ndipo zinakwera, zinakhalitsa pang'ono, zinatsika, ndipo kaliwu kanapita nazo limodzi. Kanapita! Sindinakangane nako, sindinakagonjetse ndi mfundo, ndinangokaona mpaka kanatha mphamvu. Bondo linkawawabe, koma munthu wozunzika uja panalibe. Mawu a Goenka atayamba kumveka kusonyeza kuti ola latha, misozi inali ikutsika, ndipo nditaimirira bondo lija linali bwinobwino, kuyenda ngati palibe chinachitika.

Musaganize kuti kanathera pomwepo. Kochenjera kameneko! Tsiku lina thupi lonse linangoti zii, kunyerenyesa kokoma kuyenderera kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kupepuka kosaneneka, ndipo kaliwu kanabwera katasintha malaya: eya, wafika, ichi ndiye chenicheni, chigwire chisachoke. Ola lotsatira kunalibe, thupi lili gwa ngati poyamba, mtima n'kugwa. Nditawafunsa aphunzitsi masana anandiyankha mwachidule kuti chokoma nachonso chimapita, ndipo kuchithamangira ndi msampha womwewo wa kuthawa chowawa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kukayika kunabweranso kwamphamvu, ati zonsezi ukungodzinamiza. Pofika apo ndinali nditadziwa kafikidwe kake, ndinakumva pachifuwa kusanayambe n'kuyankhula komwe.

Tsiku lakhumi m'mawa amaphunzitsa kufunira zabwino zamoyo zonse, kenako chete uja amatha. Phokoso lake! Anthu amene mwakhala moyandikana osayang'anana m'maso mukukumbatirana ndi mawu, kuseka, kufunsana mayina. Pamenepo ndi pamene kukayika kwanga kwa anthu olemera kunagwa, chifukwa munali ophunzira a ku koleji, madalaivala, anamwino, opuma pantchito, akuda, azungu, amwenye, Akhristu, Asilamu ndi osapemphera. Ndinamvanso kuti ku India, Kiran Bedi atakhala mkulu wa ndende ya Tihar ku Delhi mu 1993 analowetsa maphunzirowa m'ndendemo, ndipo mu April 1994 akaidi pafupifupi 1,000 anakhala pansi limodzi masiku khumi. Akaidi, anzanga, m'ndende yothithikana! Za ndalama nazo zinadziyankha zokha. Salandira chopereka kwa munthu amene sanamalizepo maphunzirowa. Ukamaliza, ngati wafuna, umapereka zimene ungathe kuti wina wobwera pambuyo pako adye ndi kugona, monga mmene wina amene sudzamudziwa anakulipirira iwe. Aphunzitsi salipidwa. Ophika salipidwa.

Ophikawo ndi amene anandisokoneza mutu. Onse ndi ophunzira akale amene atenga tchuthi kuntchito kudzasenda mbatata ndi kutsuka mapoto a anthu osawadziwa. Ndinacheza ndi bambo wina wachikulire wa imvi amene ankatiphikira, ndipo ndinamva kuti wakhala akusinkhasinkha kwa zaka zoposa makumi awiri, ola limodzi m'mawa, ola limodzi madzulo. Ndinamufunsa mwachidwi kuti kaliwu kaja kanasiya liti kumuvutitsa. Anaseka, n'kundiuza kuti sikanasiye, m'mawa womwewo kanali katabwera. Anati maola ake ambiri ndi wamba, opanda chodabwitsa chilichonse, ena otopetsa, ndipo panali nyengo zina pamene anasiyiratu n'kudzayambiranso. Chimene chinasintha n'chakuti kaliwuko sikalamulanso pakhomo pake. Zaka makumi awiri ndipo kakubwerabe! Ndinkayembekeza kuti zindifooketsa, koma zinandimasula, chifukwa ndinasiya kudikira tsiku limene kukhala pansi kudzakhale kosavuta. Anandiuzanso kuti kuli maphunziro a masiku 20, 30, 45 mpaka 60, koma sungalowe chifukwa chongofuna, amayamba aona ngati wakhala ukuchita tsiku ndi tsiku kwa zaka.

Ndipo zoona, masiku khumi aja ndi chiyambi chabe, ntchito ili kunyumba. Ku Worcester belu limakudzutsa, chakudya amakuphikira, foni ili kutali, anzako onse akhala pansi nawe. Kunyumba kuli iwe wekha ndi alamu, kunja mvula ya June ya ku Cape Town ikuwomba pazenera, bulangete likufunda. Langizo la aphunzitsi ndi ola m'mawa, ola madzulo, kukhala pamodzi ndi anzako kamodzi pa sabata ngati n'kotheka, ndi kubwerera ku maphunziro a masiku khumi kamodzi pa chaka. Maola awiri kwa munthu wothamangira takisi mdima usanachoke! Kaliwu kaja kunyumba kamabwera ndi mfundo zabwino kwambiri, zomveka, zachikondi. Wagona mochedwa, thanzi ndi lofunika. Lero chita mphindi khumi zokha, mawa udzabweza. Dikira upeze chipinda chako chopanda phokoso. Ndipo yoopsa kuposa zonse: dzulo lomweli unakwiya, ndiye phindu lake lili pati? Masiku ena kamapambana, ndinene zoona. Koma tsopano ndimakadziwa pofika, ndimamva kulemera kwake m'zikope ndi kuthina kwake pachifuwa, ndimati wabwera, khala apo, ndipo ndimapinda miyendo kakuyankhulabe. Nthawi zambiri mphindi zochepa zikadutsa kamakhala katapita, ndipo ndimadabwa kuti chinthu chimene chinkaoneka chachikulu chotero chili kuti.

Phindu lake limabwera mwakachetechete, m'malo amene sukuyembekezera. Tsiku lina kuntchito mkulu wina anandikalipira pagulu pa chinthu chimene sindinachite. Ndinamva kutentha kukukwera kuchokera m'mimba kupita kukhosi, ndinakumva mawu asanafike pakamwa, ndipo pakati pa kutenthako ndi mawuwo panali kampata, kakang'ono koma kokwanira kusankha. Ndinayankha, inde, sindinangokhala chete, koma ndinayankha zimene ndinafuna kuyankha. Ha! Ndinatuluka m'chipindamo ndikunjenjemera ndi chimwemwe. Foni ya kumudzi ikalira pakati pa mwezi, mtima umathinabe, koma tsopano ndimatha kumvetsera mayi anga mpaka amalize nkhani yawo. Ngakhale kutchalitchi, pemphero likayamba ndimapezeka ndili momwemo nthawi yaitaliko, osati kumsika kapena kuntchito. Ndipo phala la m'mawa, abale, kodi phala limakoma chonchi?

Pitani, anzanga, chonde pitani. Inu amene muli kuno ku Cape Town, Worcester si patali. Mumalembetsa pa intaneti, ndipo malo amadzaza msanga, choncho yang'anani masiku nthawi ikadalipo, mupemphe tchuthi kuntchito. Fomu yake imafunsa za thanzi lanu, la thupi ndi la maganizo, ndipo muyankhe moona, chifukwa masiku amenewa amavundula zambiri ndipo si chipatala; amene akudwala matenda aakulu a maganizo ayambe akambirana ndi dokotala wawo komanso aphunzitsi. Abale anu muwasiyire nambala ya pamalopo kuti pakagwa zadzidzidzi akupezeni, nkhawa imeneyo ichoke. Mukapita nyengo yozizira tengani bulangete lochindikala ndi masokosi, chifukwa m'mapiri amenewo 4 koloko m'mawa kumazizira kolowa m'mafupa. Ine ndalembetsa kale kukatumikira kukhitchini ulendo wotsatira, kusenda, kudula, kutsuka, ndipo pakati pa ntchitozo kukhala pansi mu holo limodzi ndi ophunzira atsopano. Mukabwera nthawi imeneyo, phala limene mudzadye 6:30 m'mawa mwina ndidzakhala nditaphika ndine, ndipo tsiku lakhumi mudzandipeze, mudzandiuze zimene kaliwu kanu kankanena, chifukwa ndikufunitsitsa kumva!